Ndinabwerekedwa ku Sikelo

1

Basi inatitula pa depoti ya Mzuzu kutada kale. Kamvula kakuwaza. Kuzizira kolowa mpaka m'mano.

Dzina langa ndine Elson. Ndinabadwira ku Bangwe, ndinakulira m'mabasi. Ntchito yanga ndi yokonza zigayo. Chigayo chikafa ku Nchalo, amandiimbira. Chikatsokomola ku Mchinji, amandiimbira. Ndagonapo pa matumba a gaga, m'malole, m'makhonde a masitolo. Koma kumpoto ndinali ndisanapondeko. Malire anga anali Kasungu.

Chinandidumphitsa malirewo ndi mkazi. Wiza Gondwe. Mphunzitsi ku Chilomoni, koma kwawo ku Ching'ambo, mu Mzuzu momwemo. Za ukwati tinali titamvana. Chotsala chinali kukaonekera kwa makolo. Iye anatsogola kukakonza zinthu. Ine ndinabwera ndi amalume anga, a Winston, munthu wa jekete imodzi ndi malangizo osatha.

"Mphwanga," anatero tikutsika, "kuno si ku Bangwe. Mkazi sangotengedwa ngati mbaula ya aneba. Mawa madzulo ukakhale chete. Maso pansi. Apongozi aakazi usakawayang'ane kumaso. Akakufunsa kanthu ndiyankha ine. Ukayetsemula, upepese."

Anyamata a njinga anatizungulira. Kwathu timati kabaza, kuno amati sakaramento. Anatitengera ku resitihausi ina ku Katawa. Tisanavule n'komwe nsapato, Wiza anaimba.

"Mwafika? Mawa musachedwe. Adada ndi mkulu wa mpingo, sadikira munthu. Koma woopsa si adada. Ndi ankhazi."

"Ankhazi ndiye ndani?"

"Mlongo wawo wa adada. Akati ayi, yatha. Adada amangogwedeza mutu."

"Nanga amayi?"

"Amama alibe vuto. Sudzawaona n'komwe, adzakhala kukhitchini."

Amayiwo ndinali nditawaonapo kamodzi, pa chithunzi. Gulu la azimayi a mpingo, onse mabulauzi oyera, onse mipango yoyera. Wiza analoza kadontho kena mumzere wakumbuyo, nati awa.

Tsopano ndinene chimene chinayambitsa zonse. Pa Jenda basi inaima. Ndinagula kanyenya wa mbuzi. Amalume anakana, ine ndinadya ndi gawo lawo lomwe. Mbuziyo inandilondola mpaka ku Katawa. Usiku wonse ndinali pa msewu umodzi, wochokera pabedi kupita kuseri.

2

Kutacha amalume anandiyang'ana, napukusa mutu.

"Ukaonekere kwa apongozi uku ukupempha njira yakuchimbudzi? Pita kuchipatala."

Mayi wa pa resitihausi anandilozera chipatala cha boma, chaching'ono, chapafupi. Anati mankhwala ndi aulele, bola kulawira. Sindinalawire mokwanira. Ndinapeza mzere utatuluka pakhonde, utazungulira mtengo, utakafika kugeti. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, manja pamimba.

Ndi pomwe anabwera mayi wina.

Nkhope yake sindinaione. Chitenje chakumutu, masiki kukamwa, magalasi akuda ngakhale dzuwa kunalibe. Jekete yachimuna yofika m'mawondo. Kumapazi nsapato za mphira zachikasu, zija amavala popita kudimba.

"Monire, adada."

"Zikomo mayi. Pepani, Chitumbuka sindimva."

Anasendera pafupi. "Ndinu a kumwera?"

"Blantyre."

"Kuno muli ndi abale?"

"Ayi." Sindinaname. Anali asanakhale abale.

"Mubwerera liti?"

"Mawa m'mawa."

"Yewo, Chiuta," anatero, kuyang'ana kumwamba. Kenako anatsitsa mawu. "Adada, ndikufuna kuyezetsa mimba."

Ndinayang'ana kumanzere, kumanja. Palibe amene ankamvetsera.

"Ndazungulira chomene," anapitiriza. "Kuchipatala chakwathu, amene amayeza mkodzo timaimba naye kwaya. Ku famase amagulitsa tizipangizo tija, koma mkazi wa mwini famase ndi mlembi wathu kumpingo. Ndikagula m'mawa, masana azimayi ayamba kuluka masokosi a mwana. Dzana ndinapita kuchipatala china cha boma, anati tizipangizo tatha. Dzulo ndinabwera kuno, nthawi inatha ndisanalowe. Lero sindingachedwe."

"Bambo akunyumba akudziwa?"

"Adziwe chiyani? Ine msinkhu wanga ndi wolera zidzukulu. Mwina ndi ukulu chabe, mwezi wasiya wokha. Ndiwadzidzimutse, kenako n'kupezeka kuti palibe?" Anakonza masiki. "Kapena n'kupezeka kuti chilipo."

"Ndiye ine ndithandize bwanji, mayi?"

Analoza ndi chibwano. Mbali ina ya chipatala kunali kashedi ka sikelo, azimayi atadzaza mabenchi onse. Kutsogolo kwenikweni kunali benchi ina yopanda anthu.

"Ija ndi ya obwera ndi amuna awo. Amalowa koyambirira. Mungokhala pambali panga, osalankhula. Tikalowa mukawauzenso za m'mimba mwanumo, akuthandizani."

"Mwadziwa bwanji za m'mimba mwanga?"

"Ndakhala ndikukuonani mukupita kuseriko. Mumayenda ngati mwanyamula mazira."

Ndinayang'ana mzere wanga. Sunasunthe. M'mimba munalira ngati chigayo chothyoka lamba. Musandifunse ngati ndinaganiza. Inaganiza ndi mbuzi ya pa Jenda.

"Tiyeni."

"Akakufunsani, ndinu a Zebedee. Ndipo mulumbire. Za lero simudzauza munthu kuti ndine."

Ndinalumbira mosavuta. Ndikanauza ndani? Ndikanati ndani?

3

Pa benchi ya amuna tinali awiri. Winayo foni yake italira anatuluka, osabweranso. Ndinatsala ndekha, tambala mmodzi pakati pa khola lonse.

Anesi anatuluka, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Anayambitsa nyimbo. Azimayi anaimba, kuomba m'manja. Kenako phunziro. Zakudya za magulu onse. Kugona mu neti. Kuyamba sikelo msanga. Kenako maso awo anagwera pa ine.

"Eee! Lero tili ndi bambo. Taimirirani, adada. Dzina?"

"Zebedee."

"A Zebedee! Azimayi, taonani. Amuna anu ali kuti? Ali ku bawo. Awa asiya ntchito, awaperekeza akazi awo. Ana muli nawo angati, a Zebedee?"

Ndinayang'ana mkazi wanga wa tsikulo. Pansi pa chitenje panatuluka zala zinayi.

"Anayi."

"Woyamba ali ndi zaka zingati?"

Zala zinabwerera m'chitenje. Zinanditsina pantchafu.

"Ndi wamkulu ndithu."

"Ali sitandade chani?"

"Anamaliza."

Anesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munayamba msanga, a Zebedee."

Shedi yonse inagwa ndi kuseka. Kenako anesi analamula kuti andiombere m'manja. Anaomba a kusikelo. Anaomba a kumzere wa malungo. Anaomba ngakhale a kumzere wa BP, tsidya lina la khonde. Kumeneko kunadzuka mayi wina wamkulu thupi, wa ambulera yabuluu. Analuluta. Anasiya malo ake pamzere, nabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri.

"Mwana wane, wandikondweretsa chomene! Amuna onse akanakhala ngati imwe! Ndipo dzina lanu ndi la mlongo wanga. Koma iyeyo kuno sangaponde, ngakhale mutamukoka ndi thirakitala."

Anatulutsa nthochi m'chikwama, nandipatsa. Kenako anawerama kuti apereke moni kwa mkazi wanga. Mkazi wanga anali atazimiririka. Panali mulu wa chitenje basi, mutu uli pakati pa mawondo.

"Ndi amanyazi," ndinatero.

"Asiyeni. Mimba zina zimatero," anatero mayi wa ambulera, nabwerera kumzere wake.

4

M'kachipinda munali tebulo, mipando iwiri ndi sikelo yoyezera thupi. Anesi anapereka kabotolo. Mayi uja anatuluka, nabwera nako atakabisa m'jekete. Anesi anaviikamo kachipangizo, nakaika patebulo.

"Tidikire pang'ono."

Ndakhalapo pansi pa chigayo chikulendewera pa tcheni. Sindinachite mantha ngati amene ndinachita poyang'ana kanthu kakang'ono kaja. Ndipo mimbayo sinali yanga.

Mzere umodzi unatuluka. Mayi anapuma. Kenako, pang'onopang'ono, wachiwiri.

"Mizere iwiri," anatero anesi. "Mayi, ndinu oyembekezera."

Mayi anaseka. Kaseko kakafupi, kouma. Kenako magalasi akuda aja anayamba kudontha madzi kunsi kwake. Anesi anamusisita paphewa.

"Si inu oyamba pa msinkhu wanu. Chofunika muzibwera pafupipafupi, tizikuonani. Mwachita bwino kubwera msanga. Ena amaopa, amayesa pali malipiro. Palibe. Ngakhale wobwera yekha timamuyeza, kungoti amadikira." Anatembenukira kwa ine. "A Zebedee, mwagwira ntchito. Bweretsani chala."

"Chala?"

"Banja timaliyeza magazi limodzi."

Anandibaya. Anandilangiza. Ndizitunga madzi. Ndiziwaza nkhuni. Ndigule beseni latsopano ndi zitenje. Usiku ndisamavute. Ndinavomera zonse. Pomaliza ndinanong'ona za m'mimba mwanga.

"Zimachitika," anatero anesi, akulemba. "Amuna achikondi, mkazi akaima amadwala ndi iwo."

Panja mayi uja anandigwira mkono.

"Yewo chomene, adada. Chiuta akuyendetseni bwino. Tisadzaonanenso."

"Tisadzaonanenso, mayi."

Anakwera sakaramento, nsapato zachikasu zikulendewera. Ine ndinamwa mankhwala anga, n'kudya nthochi ija. Ndinabwerera ku Katawa ndikuimba mluzu.

5

Madzulo tinafika ku Ching'ambo. Nyumba ya njerwa zootcha, maluwa pakhomo, fungo la nkhuku yokazinga. Pabalaza panali a Gondwe, bambo ake a Wiza, atavala suti ndi tayi, imvi m'mbali mwa mutu. Pambali pawo abale aamuna angapo. Ine ndinakhala pa mpando wamfupi, maso pa simenti.

Moni anatenga nthawi. Amalume anayamba mawu awo, aja anayeserera mu basi kuyambira pa Zalewa. Anati ndine mnyamata wofatsa. Wosamwa. Wosayendayenda.

"Tadikirani pang'ono," anatero a Gondwe. "Ankhazi ake a mwana sanafike. Popanda iwo sitiyamba."

Posakhalitsa kunja kunamveka odi. Chitseko chinatseguka. Munthu analowa akupuma mwamphamvu, nakhala pa sofa mpaka sofayo inadandaula.

"Monire mose. Pepani, BP inanditengera tsiku lonse. Mkweni wathu ndi uti? Tadzutsa mutu, mwana wane, tikuone."

Ndinadzutsa mutu. Choyamba kuona chinali ambulera yabuluu.

Tinayang'anana.

"Zebedee!" anakuwa.

"Ndili pano, mlongo wanga," anayankha a Gondwe.

"Sindikunena iwe! Ndikunena uyu!"

"Uyu ndi Elson," anatero amalume.

"Elson wa kuti? M'mawa anali Zebedee! Ndamuombera m'manja ndi manja anga awa! Ndamupatsa nthochi! Ali ndi mkazi, ali ndi ana anayi, wachisanu ali m'njira!"

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono. "Mphwanga, iwe unapita kukatenga mankhwala."

"Ndinatenga, amalume."

"Nanga mkazi unamutenga kuti?"

Ndinafotokoza. Mzere, benchi, mbuzi ya pa Jenda. Ndikumva mawu anga omwe, ndinazindikira kuti inenso sindikanakhulupirira.

"Chabwino," anatero ankhazi. "Anakubwereka. Dzina lake ndani?"

"Sindikudziwa."

"Amakhala kuti?"

"Sindikudziwa."

"Nkhope yake ndi yotani?"

"Sindinaione."

"Mwamva? Mkazi wopanda dzina, wopanda mudzi, wopanda nkhope. Koma mimba ali nayo!"

Katani ya kukhonde la kuzipinda inasuntha. Wiza anali ataima pamenepo, atavala chitenje chatsopano chimene tinasankha limodzi ku Limbe. Mwambo sunkamulola kulowa. Analowa.

"Elson. Ana anayi?"

"Wiza, ndi zala chabe zimene anandionetsa."

"Paja umati uli ku Nchalo. Umati uli ku Mchinji. Zigayo zako ndi zimenezi?"

Ankhazi anamenya ambulera pansi. "Mulamu! Anyina Wiza! Siyani miphikayo. Bwerani mudzaone chimene mwaphera nkhuku!"

Kukhitchini mbale inagwera pansi. Mapazi anayandikira. Ine ndinakumbukira lamulo la amalume, ndinagwetsa maso.

Pakhomo la kukhitchini panaima nsapato za mphira. Zachikasu.

6

Awerengi, mtima wa munthu ndi wolimba kuposa injini. Wanga unaima, n'kudzilizanso wokha.

Dzina la Zebedee. Mlongo wa mayi wa ambulera. Ana anayi, woyamba anamaliza sukulu. Woyambayo ndi amene anaima patsogolo pangayu, akundiyang'ana ngati mbala.

"Monire, alendo," anatero mawu aja.

Ndinakweza maso pang'ono, mpaka m'manja. Manjawo anali akupotokola kansalu kopukutira mbale.

"Elson," anatero Wiza, tsopano motsitsa. "Ndiuze chinthu chimodzi choti ndigwire. Chimodzi chokha. Mkaziyo ungamupeze?"

Ndikanangotambasula chala. Chomwecho chimene anandibaya. Mtunda wake sunali wotalika kuposa tebulo.

Koma ndinali nditaona magalasi akuda akudontha madzi. Pabalaza panali azilamu ake, mwamuna wake, mwana wake, ndi alendo a ku Bangwe.

"Ndingamupeze," ndinatero. "Koma sindinganene. Ndinalumbira."

"Ehe!" ankhazi anaomba m'manja kamodzi. "Posachedwapa samamudziwa. Tsopano analumbirirana!"

Amalume anandiponda phazi. "Lankhula, chitsiru iwe."

"Sindingathe, amalume."

Wiza sanalire. Bola akanalira. Anangovula kamphete kamene ndinamugulira, nakaika pa tebulo, pambali pa shuga.

A Gondwe anaimirira, nakonza tayi. "Bambo Winston, mwayenda ulendo wautali. Ulendo wobwerera ndi wautali chimodzimodzi. Ndibwino muuyambe."

Amalume anavala chipewa. Anapepesa m'Chichewa, m'Chingerezi, ndi m'Chitumbuka chimene analibe. Ine ndinadzuka. Ndinafika pachitseko, ndinagwira chogwirira.

"Khalani pasi, adada."

Aliyense anatembenukira kwa amayi ake a Wiza.

"Mnyamatayu sananame. Mkaziyo ndine."

Kunja nkhuku inalira.

"Anyina Wiza," anatero a Gondwe, "mukuti chiyani?"

"Nili na nthumbo, awiske Wiza."

Chitumbuka sindimva, koma chimenecho ndinamva.

Ankhazi anatsegula pakamwa, natseka, natsegulanso. "Mulu wa chitenje uja? Mulamu, munali imwe? Ine n'kumati ndi amanyazi!"

A Gondwe anavula magalasi. Anawapukuta ndi tayi. Anawavalanso. Anayang'ana mkazi wawo. Kenako, pang'onopang'ono, anayang'ana ine.

"Ine ndafika dzulo, bambo," ndinatero msanga.

Wina mwa abale aamuna anatsamwa, nathamangira panja. Tinamumva akuseka kuseri kwa nyumba. Amalume anavula chipewa, nakhalanso pansi.

"Ife a ku Bangwe tikuyamikira kwambiri," anatero.

A Gondwe sanawamve. Nkhope yawo inali pa ntchito yaikulu. Manyazi analowa, natuluka. Mantha analowa, natuluka. Kenako chifuwa chinayamba kukwera. Anakhudza imvi zawo. Kumwetulira kunawathawa pakamwa, anakubweza, kunathawanso.

"Pa msinkhu uno," anatero, osauza munthu aliyense. "Hm."

Kenako nkhope inasintha.

"Tadikirani. Anamuombera m'manja?"

"Chipatala chonse," anatero ankhazi.

"M'dzina langa?"

"Mpaka nthungululu."

"Ntchito ndagwira ine, m'manja alandira wa ku Bangwe? Anyina Wiza, bwanji osandiuza ine?"

Apongozi anga anasiya kupotokola kansalu.

"Ndikuuzeni imwe? Ana anayi ndabereka, kusikelo munapondako liti? Mumati ndi kwa azimayi. Mukaona singano mumafuna madzi akumwa. Ndipo sabata yonse pakamwa panu panali malowolo, malowolo. Ndikanalowetsa pati nkhani yanga?"

"Amama," anatero Wiza. Anali atagwira mutu ndi manja awiri. "Amama, serious? Ine ndikukonzekera ukwati, imwe mukukonzekera matewera?"

"Sorry, mwana wane. Sindinachite kufunsira."

Wiza anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, napita kukawakumbatira amayi ake. Onse awiri analira. Ine ndinali chiimire pachitseko, osadziwa ngati ndikutuluka kapena ndikulowa.

Ankhazi anamenyanso ambulera pansi.

"Milandu ilipo iwiri. Woyamba, waba dzina la apongozi ake. Chindapusa chake, tambala. Wachiwiri, wakhala benchi imodzi ndi apongozi ake aakazi, mapewa kugundana. Kwathu kuno zimenezo sizinamvekepo. Tambala wina."

"Anandits—" ndinayamba, koma amalume anandipondanso.

"Tavomera," anatero.

"Koma," ankhazi anapitiriza, "mnyamatayu anafika mpaka pachitseko, mkazi atamuthawa, pakamwa ali chitsekere. M'banja muno tonse pakamwa m'potseguka. Woyamba ndine. Tikufunika mmodzi wotere. Wiza, tola kamphete kako kasanagwere mu shuga."

Wiza anatola. Sanavale msanga. Anadutsa pafupi nane, nanong'ona.

"Ukadzangoti wapita ku Nchalo, ndizidzaimbira zipatala zonse."

Nkhuku tinadya. Inali yopsererako mbali imodzi. Palibe anadandaula.

7

M'mamawa tinali pa depoti. Chifunga chili phaa, makondakitala akukuwa Lilongwe, Blantyre. Amalume anali atalowa kale, atagwira mpando wa pawindo. Ine ndinali ndi phazi limodzi pa sitepe pomwe ndinamva dzina langa.

Sakaramento inaima pafupi. Kumbuyo kwake kunatsika a Gondwe. Suti yomwe ija, tayi ina.

Ndinagwira m'mawondo. "Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka. Tabwera kuno, mkweni."

Anandikokera kuseri kwa basi, kumene kunalibe anthu. Anayang'ana uku ndi uku.

"Lolemba tikupita kusikelo. Ine ndi anyina Wiza."

"Mwaganiza bwino, bambo."

"Magazi amene anayeza ndi ako. Ayenera kuyeza anga." Anatsokomola. "Singano yake ndi yaikulu bwanji?"

"Kakang'ono. Pachala basi."

"Chala chiti?"

Ndinawaonetsa. Anachiyang'anitsitsa ngati munthu wogula mbuzi.

"Hm. Nanga nyimbo zija, amuna amaimba nawo?"

"Mungoomba m'manja, bambo."

"Amakuimiritsa pamaso pa anthu?"

"Amakuimiritsani."

"Chabwino." Anakonza tayi. Zimenezo sizinaoneke kuti zawavuta.

Kondakitala anamenya mbali ya basi. Ndinakumbukira chinthu.

"Bambo, pali vuto limodzi. Anesi aja akumudziwa Zebedee. Anamuona dzulo. Ndi mnyamata, alibe imvi."

A Gondwe anaganiza. Anasisita m'mbali mwa mutu.

"Ndikawauza kuti ndine yemwe uja. Nkhaniyi ndi imene yandikalambitsa."

Basi inayamba kuyenda. Ndinalumphiramo.

8

Ndalemba izi basi ikukwera mapiri a Chikangawa, mitengo ya paini ikutuluka m'chifunga umodziumodzi. Amalume akugona. Apongozi anga anandimasula pa lumbiro lija usiku womwewo, kudzera mwa Wiza. Anati ndinene, bola ndisinthe maina. Ndasintha.

Inu amayi ndi alongo anga, ndaona ndi maso anga mzimayi wolemekezeka akuzungulira tauni atavala ngati wakuba, chifukwa cha kabotolo ka mkodzo. Kuyezetsa mimba kuchipatala cha boma salipiritsa. Mukapeza tizipangizo tatha, yesani kwina. Mukapita nokha akuyezani, kungoti mudikira. Kudikirako n'kopepuka kuposa zimene tinaona ku Ching'ambo. Ndipo magazi a mwamuna wobwereka sathandiza mwana wanu.

Inu apaulendo anzanga, kanyenya wa pamsewu muzimuyang'ana kawiri. Wina akakufunsani kuti mubwerera liti, funsani kaye chifukwa chake.

Koma mawu anga enieni ndi a inu amuna a pakhomo. Mayi akunyumba akangokhala chete masiku angapo, funsani. Akati tiyeni kusikelo, valani nsapato. Singano yake ndi yaing'ono, ndakuyeserani. Mukakana, musaganize kuti benchi ija ikhala yopanda munthu. Mabasi amafika tsiku lililonse, ndipo ife alendo tilipo ambiri.